Kadzalidwe ndi kasamalidwe ka yucca m'magadeni a ku Johannesburg

Chimene chimapha yucca kuno ku Joni kawirikawiri ndi madzi ochuluka. Mtengowu kwawo ndi ku Mexico, kumwera kwa United States ndi maiko a ku Central America monga Guatemala, ndipo mitundu yake yambiri imamera pamiyala ndi pamchenga, pomwe mvula ikagwa madzi amalowa pansi nthawi yomweyo. Kuno timalandira mvula pafupifupi mamilimita 700 pachaka, ndipo yambiri imagwa pakati pa Okutobala ndi Malichi, ya mabingu ya masana ija yomwe imadzaza bwalo m'kanthawi kochepa. Pamwamba pa mvulayo pali mipope yothirira kapinga yomwe m'nyumba zambiri imadzitsegukira yokha. Yucca akakhala pamalo otero, mizu yake siuma mpaka nyengo ithe, ndipo imaola.

Malangizo awa ndi a inu amene mumagwira ntchito ya m'gadeni kwa abwana ku Randburg kapena ku Fourways, komanso inu amene muli ndi kabwalo kanu ku Rosettenville kapena ku Cosmo City. Ntchito yaikulu ili pa kusankha malo ndi kukonza dothi, choncho tikhalitsa pamenepo.

Dziwani kaye mtundu umene muli nawo

Yucca ndi wachibale wa khonje, ndipo mukaona masamba ake aatali osongoka mudzaona kufananako. Wofala kwambiri kuno ndi Yucca gigantea, amene m'manazale ena amalembedwa kuti Yucca elephantipes. Ndi amene amagulitsidwa m'mapoto ngati chipika chokhala ndi masamba pamwamba. Nsonga za masamba ake sizibaya kwenikweni, koma akadzalidwa pansi amatha kutalika mpaka mamita 9, ndipo tsinde lake limafufuma kwambiri m'munsi. Pa mitundu yonse imene tikutchula pano, ameneyu ndiye amaopa chisanu.

Yucca aloifolia ndi Yucca gloriosa amakula mamita awiri mpaka anayi, amapirira chisanu cha kuno, koma masamba awo amathera ndi munga. Wa aloifolia ndi wolimba zedi, woti nkuboola diso kapena khutu la munthu amene wawerama kuti azule udzu. Yucca filamentosa alibe thunthu looneka, masamba ake amatulukira pansi ndipo m'mbali mwake muli tiulusi toyera topindika. Chisanu sachimva. Yucca rostrata ali ndi masamba opyapyala obiriwira motuwa, amakula pang'onopang'ono, ndi wodula m'manazale, ndipo ndi amene amaola msanga dothi likakhala lonyowa.

Chenjezo limodzi: pa intaneti ena amasokoneza mtengowu ndi chinangwa chifukwa ku Latin America chinangwa amachitcha yuca. Mizu ya yucca wa m'gadeni si ndiwo kapena chakudya. Mtengowu uli ndi mankhwala achilengedwe otulutsa thovu otchedwa saponin, omwe amasanzitsa agalu ndi amphaka akatafuna masamba.

Kusankha malo

Funani pamalo pomwe dzuwa limaomba maola osachepera asanu ndi limodzi patsiku. Kuno mbali yofunda ya nyumba ndi yoyang'ana kumpoto, chifukwa m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo khoma limasunga kutenthako mpaka usiku. Kumwera kwa nyumba kumakhala mthunzi ndi chinyezi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo yucca wa kumeneko amawonda, masamba ake amalendewera, sachita maluwa.

Yang'ananinso kumene madzi amapita mvula ikagwa. Pansi pa paipi yotsitsa madzi a padenga, pakona pomwe madzi a pamsewu wa galimoto amathera, kapena pachidikha chilichonse, pamenepo pasadzalidwe yucca. Mphepo yozizira nayo imatsetsereka nkukakhazikika m'malo otsika omwewo, nchifukwa chake magadeni oyandikira mitsinje ya Jukskei, Klip River kapena Braamfontein Spruit amagwidwa ndi chisanu kuposa a pamtunda.

Za mtunda, musanyengeke ndi kuchepa kwa mbande. Gigantea akhale mamita atatu kuchokera ku khoma la nyumba, kumpanda, ku dziwe losambira ndi ku mapaipi a zonyansa. Pakapita zaka tsinde lija limakankha njerwa za pabwalo ndi kung'amba makoma opyapyala, ndipo kumuchotsa atakula ndi ntchito ya amuna angapo. Mitundu ya minga ikhale mamita awiri kuchokera panjira, pageti, poyanika zovala ndi posewerera ana. Ngati abwana akuumirira kuti aloifolia adzalidwe m'mbali mwa njira yolowera, auzeni mwaulemu za mingayo musanakumbe, popeza amene adzawerame pamenepo sabata ndi sabata ndi inuyo.

Kuyesa dothi

Kumbani dzenje lakuya masentimita 40, mulidzaze madzi, muwasiye alowe, kenako mulidzazenso. Kudzaza kachiwiriko ndiko kumanena zoona, chifukwa dothi louma limamwa madzi oyamba mwachangu ngakhale litakhala loipa. Madzi achiwiriwo akatha pasanathe maola anayi, dothi lili bwino. Mukapeza adakalimo mawa lake m'mawa, ndiye kuti pamenepo pakufunika mtumbira.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Amakumba dzenje lalikulu m'dothi lomata, nkulidzaza mchenga ndi miyala poganiza kuti athandiza mtengo. Koma makoma a dzenjelo akadali dongo. Mvula ikagwa, madzi a pabwalo ponse amathamangira mumchengamo chifukwa ndimo mofewa, nkusowa kotulukira, ndipo mizu imakhala m'madzi kuposa mmene ikanakhalira mukanapanda kuthira mchengawo. Njira yabwino ndi kukweza mtengo pamwamba pa dothi loipalo. Tipulani pansi ndi piki kapena foloko mpaka masentimita 30 kuti dothi lakale ndi latsopano zilumikizane, kenako unjikani mtumbira ngati wa mbatata koma wotambalala, wokwera masentimita 25 mpaka 30, m'lifupi mita imodzi kapena kuposerapo. Yucca adzalidwe pamwamba pake.

Kasakanizidwe kake nkotere: mawilibala awiri a dothi la pamalopo, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi theka la wilibala la kompositi yowolerana bwino. Kwa rostrata onjezerani wilibala ina ya timiyala. Pogula, funsani river sand. Mchenga wosalala wopakira pulasitala musautenge, chifukwa ukasakanikirana ndi dongo umagwirana nkuuma gwa. Manyowa a nkhuku kapena a ng'ombe osawola amatentha mizu ndi kusunga chinyezi, asiyeni apite kudimba la masamba.

M'mayadi ambiri a m'tauni mukakumba mumapeza zidutswa za njerwa ndi simenti zomwe omanga anakwirira. Zazikuluzikulu chotsani. Tizidutswa ta njerwa tating'ono sitivuta yucca.

Kudzala

Nthawi yabwino ndi kuyambira pakati pa Sepitembala mpaka Novembala, chisanu chitatha ndipo dothi litayamba kufunda. Mtengo umakhala ndi miyezi yokwanira yozika mizu Juni asanafike. Kudzala mu Meyi kapena Juni nkuika mizu yovulala m'dothi lozizira momwe singaphuke.

Valani magolovesi achikopa, malaya a manja aatali ndi magalasi oteteza maso. Ngati ndi mtundu wa minga, sonkhanitsani masamba m'mwamba muwamange ndi chingwe, kapena muwakulunge ndi thumba, musanayambe kunyamula.

Dzenje likhale lotambalala kawiri kuposa thumba limene mtengo wabweramo, koma kuya kwake kukhale kofanana ndi thumbalo. Thirani bonemeal (ufa wa mafupa) wodzaza dzanja limodzi musakanize ndi dothi la pansi. Ng'ambani thumba ndi mpeni, musakoke mtengo ndi tsinde. Onani mizu: yabwino imakhala yolimba, yoyera kapena yofiirira pang'ono, pomwe yowola imakhala yakuda, yofewa, ndipo khungu lake limavuka mukaikoka. Yowolayo iduleni ndi sizasi yoyera. Ngati mizu yazungulira thumba, imasuleni ndi zala.

Ikani mtengo kuti pomwe dothi linalekezera m'thumba pafanane ndi pamwamba pa mtumbira, kapena pakwere masentimita awiri. Tsinde likakwiririka limaola kuyambira pakhungu. Bwezerani dothi, tsenderani ndi phazi mozungulira koma osapondaponda, thirani madzi malita 10 kuti dothi likhazikike. Mtengo wotalika kuposa mita imodzi ndi theka uchirikizeni ndi mitengo iwiri ndi lamba wofewa kwa nyengo imodzi ya mvula, chifukwa mutu wake ndi wolemera ndipo mphepo ya mabingu imaugwetsa mizu isanagwire.

Pamwamba yalani timiyala kukhuthala masentimita asanu. Makungwa ndi udzu wodula zimasunga chinyezi patsinde, choncho siziyenera pano.

Kapinga asafike patsinde. Kikuyu, yemwe ali m'mabwalo ambiri kuno, amayanga msanga ndipo amafuna madzi ambiri. Siyani bwalo lopanda udzu la masentimita 60 kuzungulira mtengo. Ubwino wina ndi woti makina odulira udzu a chingwe aja sadzafika pakhungu. Mukaona yucca ali ndi chipsera chozungulira m'munsi, khungu litasupuka nkuoneka ulusi wa mkati, dziwani kuti ndi chingwe chimenecho, ndipo pachilonda pamenepo mpomwe kuola ndi tizilombo zimalowera.

Madzi ndi feteleza

Masabata asanu ndi atatu oyamba, thirirani malita 10 kamodzi pasabata ngati mvula sinagwe. Musanathire, pisani chala m'dothi mpaka chilowe chonse. Mukamva chinyezi, dikirani masiku ena atatu. Mtengo ukagwira, mvula ya kuno imaukwanira. M'miyezi youma ya Meyi mpaka Ogasiti, wodzalidwa chaka chomwecho mutha kumuthirira kamodzi pamwezi, m'mawa wa tsiku lofunda. Wamkulu safuna kanthu.

Ngati pali mipope yodzitsegukira yokha, tembenuzani kapena tsekani mitu imene imaponya madzi pa yucca. Madzi ogwera pakati pa masamba tsiku ndi tsiku ndiwo amabweretsa mawanga ndi kuoletsa mtima wa mtengo. Kumbukiraninso kuti Johannesburg Water imaletsa kuthirira magadeni kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo m'miyezi ya Sepitembala mpaka Malichi.

Feteleza ndi kamodzi pachaka basi, mu Sepitembala kapena Okutobala: dzanja limodzi la feteleza wolembedwa 3:1:5 pathumba kumwaza mozungulira, kutali ndi tsinde, kenako madzi. Feteleza wa kapinga monga LAN ali ndi nayitirojeni wambiri, amatulutsa masamba ofewa omwe chisanu ndi tizilombo sizichedwa kuwononga.

Dzuwa, chisanu ndi matalala

Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo dzuwa lake limaotcha. Yucca amene wakhala zaka m'nyumba kapena mu ofesi, ngati amene abwana amapatsa wantchito akamasamuka, mukamuika padzuwa tsiku limodzi masamba ake amachita zigamba zoyera zomwe kenako zimauma ngati pepala. Muzolowetseni kwa masabata atatu: yoyamba pamthunzi wa panja, yachiwiri padzuwa la m'mawa lokha, yachitatu mpaka masana, ndiyeno mudzale.

Chisanu cha Juni ndi Julayi chimavuta gigantea, makamaka wamng'ono. Zaka ziwiri zoyamba mfundeni usiku ndi nsalu yoteteza chisanu yogulitsidwa m'manazale, kapena masaka, ndipo muzivundukula dzuwa likatuluka. Pulasitiki ayi, chifukwa tsamba lokhudza pulasitiki limapsa ndi chisanu kuposa losafundidwa. Masamba akapsa nkusanduka akhofi, asiyeni pomwepo mpaka Sepitembala. Ndi oipa m'maso, koma akuteteza nsonga yophukira.

Matalala amang'amba masamba koma sapha mtengo. Dulani ong'ambika kwambiri okha.

Kudulira

Masamba a m'munsi kuchita chikasu nkuuma ndi chilengedwe, mtengo ukupanga thunthu. Kwa gigantea, gwirani tsamba louma pafupi ndi thunthu mulikokere pansi, limathothoka. Kwa rostrata ambiri amawasiya kuti aphimbe thunthu, ndipo amatetezadi ku dzuwa ndi kuzizira. Mitundu ya minga yomwe ili kale pafupi ndi njira, dulani nsonga ya tsamba lililonse lofika pankhope ya munthu wamkulu kapena ya mwana.

Maluwa amatuluka pa phesi lalitali, oyera, olendewera ngati timabelu, m'nyengo yotentha, ndipo gloriosa nthawi zambiri amachedwerapo. Ku El Salvador duwa la gigantea, lomwe amalitcha izote, ndi duwa la fuko ndipo amaliphika ndi mazira. Maluwa akafota dulani phesi m'munsi. Mbewu musaziyembekezere kwenikweni: kwawo yucca amabereka mothandizidwa ndi kagulugufe ka usiku kamene kamanyamula mungu, ndipo kuno kulibe. Aloifolia yekha ndiye nthawi zina amabala popanda iko. Pa filamentosa, tsinde limene lachita maluwa limafota pang'onopang'ono, ana a m'mbali nkulowa m'malo.

Gigantea akatalika nkufika pamawaya kapena padenga, mutha kumudula thunthu ndi sowo pamsinkhu umene mukufuna. Chitani zimenezi mu Sepitembala kapena Okutobala, tsiku lopanda mvula, ndipo dulani mopendeketsa kuti madzi asakhale pachilonda. Chitsa chimaoneka ngati chafa kwa mwezi umodzi kapena iwiri, kenako timphukira timatuluka pansi pa podulapo. Siyani ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo budulani zikadali zazing'ono.

Kuchulukitsa

Thunthu limene mwadulalo ndi mbewu. Liduleni m'zipika za masentimita 30 mpaka 50, ndipo chipika chilichonse muchilembe chizindikiro kumtunda nthawi yomweyo, chifukwa zikasakanikirana pansi simungadziwenso mutu ndi uti, ndipo chodzalidwa chozondoka sichiphuka bwino. Mutu wa masamba uja usadzeni, musiye masamba a pamwamba okha.

Ikani zipikazo pamthunzi pouma kwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri kuti mabala aume. Ichi ndi chimene ofulumira amadumpha, ndipo chipika chodzalidwa chikadali chachiwisi chimayamwa madzi a m'dothi nkuola kuyambira pansi. Bala likauma, zikani chipika masentimita 10 mpaka 15 m'poto wa theka mchenga wa kumtsinje, theka dothi. Chikhale powala koma posaomba dzuwa la masana. Thirirani pang'ono pakatha sabata, kenako pokhapokha dothi likauma. M'miyezi yotentha mizu imatuluka pakati pa masabata anayi ndi asanu ndi atatu. Musamazule kuti muone. Gwedezani pang'ono, chikalimba ndiye kuti chagwira.

Ana omera m'mbali mwa tsinde ndi osavuta kuposa apa. Dikirani afike masentimita 20, fukulani dothi, dulani ndi mpeni wakuthwa kapena fosholo pomwe alumikizana ndi mayi, makamaka ngati ali kale ndi timizu tawo. Aumitseni masiku awiri kapena atatu nkudzala.

Zikavuta

Masamba ambiri akachita chikasu nthawi imodzi nkulendewera, finyani tsinde m'munsi ndi chala chachikulu. Likabonyoka, khungu likamasupuka, pakamamveka fungo lowawasa, ndiye kuola. Mizu yotero sichira. Dulani thunthu pamwamba pa powolapo, mupitirize kudula pang'onopang'ono mpaka mkati muoneke moyera mopanda kadontho kakhofi, pukutani sowo ndi sipiliti mukadula paliponse, ndipo mutuwo muudzale ngati chipika pamalo ena. Chitsa ndi dothi lake zichotsedwe.

Mawanga akhofi ozungulira, ena okhala ndi mkombero wakuda, ndi matenda a nkhungu omwe amakula m'miyezi ya mvula, makamaka pa gloriosa ndi masamba ovulazidwa ndi matalala. Chotsani masamba ogwidwa kwambiri, musawaponye pakompositi, ndipo lekani kuthirira pamwamba. Zikapitirira, poperani mankhwala a kopa motsatira zolembedwa pabotolo.

Kodikodi, kachilombo koyera ngati thonje kaja kamene timakadziwa pa chinangwa, ali ndi abale ake amene amabisala m'munsi mwa masamba a yucca, pamodzi ndi tizilombo tokhala ngati mamba tomata patsamba. Nyerere zikamakwera ndi kutsika pathunthu, kanulani masamba muone, chifukwa zimatsata madzi otsekemera amene tizilomboti timatulutsa. Tikakhala tochepa, pukutani ndi kansalu konyowetsa sipiliti. Tikachuluka, poperani madzi a sopo wotsukira mbale, supuni yaing'ono imodzi pa lita, kapena mafuta opopera mbewu monga Oleum, madzulo dzuwa litapepa, ndipo mubwereze pakatha masiku 10.

Woopsa kwambiri ndi nankafumbwe wa khonje, wakuda, wotalika kupitirira sentimita imodzi, wa mlomo wautali. Amaikira mazira m'munsi mwa tsinde, mphutsi zake zoyera nkumadya mkati. Mtengo umaoneka wabwino mpaka tsiku limene wayamba kugwedera kapena kugwa, ndipo mukang'amba mumapeza mphako ndi mphutsi. Wotero zulani yense, fukulani dothi mutole mphutsi zonse, ndipo muyang'ane mitengo ya yucca ndi ya khonje yoyandikana nayo. Mitengo yovulala kapena yofooka ndi madzi ndi imene amayambira.

Kwa amene mukuchita lendi

Ngati malo si anu, dzalani m'poto kuti posamuka munyamule. Akhale wolemera, wa simenti kapena dongo, m'lifupi masentimita 40 mpaka 50, wa mabowo anayi kapena asanu pansi, atakhazikidwa pa njerwa kuti madzi azituluka. Mbale ya pansi pa poto isasunge madzi. Ndowa ya penti ya malita 20 yoboola bwino imagwira ntchito kwa zaka ziwiri zoyamba, bola muike mwala pansi kuti mphepo ya mu Ogasiti isaigwetse. Wa m'poto amafuna madzi kuposa wa pansi, mwina kamodzi pa masiku 10 kukatentha ndi kamodzi pamwezi kukazizira. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mizu imadzaza poto, ndipo mukachedwa kusintha imamung'amba.

Kuchotsa yucca wosafunika

Kudula pamwamba pokha sikuthandiza, amaphukanso. Kumbani mozungulira masentimita 60 kuchokera patsinde, dulani mizu ndi nkhwangwa kapena piki, mutulutse chitsa chonse. Filamentosa ndi gloriosa amasiya zidutswa zonenepa m'dothi zomwe zimamera, choncho kwa chaka chathunthu muzikumba mphukira iliyonse ikangooneka, pamodzi ndi chidutswa chake. Zipika ndi zitsa musakazitaye kutchire kapena m'mbali mwa mtsinje, chifukwa zimamera pomwe zagwerapo. Zimangeni m'mitolo minga italoza mbali imodzi, mupite nazo kumalo olandirira zinyalala za m'gadeni a Pikitup, kampani yotola zinyalala mumzinda.